Tsiku limene Ctrl+Z inandikana

Amalume anga amawotcherera zitsulo ku Kalingalinga mu Lusaka, cha kumsewu wa Alick Nkhata kumene mumaona mageti ndi mafelemu a mawindo atatsamiritsidwa pampanda. Pulani yawo amajambula ndi choko pasimenti. Chiyambireni kuphunzira CAD, luso lojambula mapulani a zinthu pakompyuta, ndakhala ndikuwatopetsa kuti andipatseko kantchito kenikeni, poti timabokosi ta m'kalasi tija tinandikwana. Mwezi watha anandipatsa bulaketi yokhazikapo mota ya geti: puleti ya mamilimita 6, mabowo anayi a mabawuti, ngodya zozungulira kuti isacheke munthu.

Ndinaipanga mu pulogalamu ya FreeCAD 0.21, chifukwa ndi yaulere komanso laputopu yanga yokalambayi imaitha. Ndinajambula sketch, chojambula cha mizere chabe, ya makona anayi, n'kuitukula ndi chida chotchedwa Pad kuti ikhale puleti. Kenako ndinadina nkhope yapamwamba, n'kujambulapo mabowo, n'kuwabowola ndi Pocket. Fillet yozunguliza ngodya, basi. Mphindi 20 zokha, mtima uli m'malo.

Amalume anayang'anitsitsa pa sikirini, magalasi owotcherera ali pamphumi.

"Mphwanga, apa padzagunda nsanamira. Dulapo kakona aka."

"Zimenezo n'zosavuta, amalume," ndinatero, ndipo ndikuvomera kuti ndinkadzionetsera.

Madzulo ndinatsegula sketch yoyamba ija, n'kudula kakonako. Nditaitseka, mabowo onse anachoka pamwamba n'kukakhala chammbali mwa puleti, ngati mwana wosochera pamsika wa Soweto, ndipo pa Fillet panatuluka kachizindikiro kofiira. Magetsi anali atathima, batire ikutha. M'malo mobweza pomwepo, ndinaseva n'kutseka, ndili ndi maganizo oti ndikonza mawa.

Kutacha ndinadina Ctrl+Z, mabatani obwezera zimene wangochita, kambirimbiri. Zii.

Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti kubwerera m'mbuyo kuli pawiri. Ctrl+Z imangokumbukira zimene wachita fayilo ili yotsegula, ndipo mu FreeCAD imasunga masitepe 20 ngati sunasinthe chiwerengerocho. Ukatseka fayilo, zonsezo zapita. Koma kumanzere kwa sikirini kuli mndandanda wina, wa Sketch, Pad, Pocket, Fillet, umene ine ndinkangouona ngati chokongoletsa. Umenewo ndiye umasungidwa m'fayilo. Chitsulo chimene ukuona pa sikirini ndi zotsatira chabe, pulogalamu imachimanga mwatsopano kuchokera pamwamba pa mndandandawo mpaka pansi nthawi iliyonse ukasintha kanthu.

Nanga mabowo anathawiranji? Aphunzitsi athu anandiuza kuti ndidine nkhope iliyonse ya puleti n'kuwerenga dzina lake. Puleti ya makona anayi ili ndi nkhope 6, ndipo yapamwamba inali Face6. Sketch ya mabowo sinkadziwa za "pamwamba", inkangodziwa Face6. Kudula kakona kuja kunawonjezera nkhope ziwiri, pulogalamu n'kuwerenganso, yapamwamba n'kukhala Face8, dzina la Face6 n'kupita ku nkhope ya m'mbali. Mabowo anatsata dzina, monga kalata imatsata nambala ya nyumba ngakhale mwini wake atasamuka. Vutoli amalitcha topological naming problem, ndipo FreeCAD 1.0 imene inatuluka mu Novembala 2024 inalichepetsa kwambiri. Ine ndinali ndisanaiike, poopa kutha bandulo.

"Mukamanga pa chinthu chimene chingasinthe, musadabwe chikakusinthirani," anatero aphunzitsi. "Mabowo anuwo akhazikeni pa plane."

Ndinaterodi. Sketch ya mabowo ndinaichotsa pankhope n'kuimangirira pa XY plane, malo afulati oyambira a pulogalamuyo, yomwe siisuntha. Kukhuthala kwa puleti ndinakulemba kamodzi mu Spreadsheet, tebulo la manambala la mu FreeCAD, kuti Pad ndi malo a mabowo zizitenga nambala pamenepo. Fillet ndinaifufuta n'kuiikanso kumapeto kwenikweni, chifukwa imagwira m'mphepete, ndipo mphepetezo n'zimene zimasintha mayina msanga kuposa china chilichonse.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi Set tip. Umasankha sitepe yapakati, pulogalamu n'kukuonetsa chitsulo mmene chinalili pa nthawiyo, uikepo chimene unaiwala, kenako ubwerere kumapeto. Anzanga a pulogalamu ya SolidWorks ali ndi kamzere kamene amakoka m'mwamba pa mndandanda wawo, a Fusion 360 ali ndi timeline m'munsi mwa sikirini. Nzeru yake ndi imodzi, ndipo si ya dzulo, inatchuka ndi pulogalamu ya Pro/ENGINEER chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Pali pamene mndandandawo kulibiretu. Mnzanga wa ku Matero ananditumizira chojambula cha mota ngati fayilo ya STEP, mtundu wa fayilo wotumizirana pakati pa mapulogalamu osiyanasiyana a CAD. Chinabwera ngati chibuluma chimodzi, chopanda sketch ngakhale imodzi. Kuti ukulitse bowo pamenepo uyenera kudula kapena kumatapo mwatsopano. Kuyambira tsiku limenelo ndimapempha fayilo yoyambirira, ndipo zanga ndimaseva ndi manambala, bulaketi_01, bulaketi_02, ndisanayambe kusintha chachikulu. N'zachikale, koma sizinandigwiritsepo mwala.

Nditawafotokozera amalume zonsezi anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kompyuta yakoyo imabweza bowo? Ine ndikabowola polakwika, madzi atayika, saoleka. Ndiyenera kudzaza ndi ndodo ziwiri zowotcherera, ndipale ndi girayinda, koma chipsera chimaonekabe."

Kenako anati puleti ya 6 yawathera, yatsala ya 8. Ndinatsegula Spreadsheet, n'kulemba 8. Puleti inakhuthala, mabowo anakhala pomwe anali, kofiira sikanatuluke. Ndinawatembenuzira laputopu ndikuyembekezera kuti andiyamikire. Iwo anangopukuta manja pa ovolosi, n'kutola choko.

"Usindikize papepala, kukula kwake kwenikweni. Ndipo pobwera mawa udzere ku Kamwala, undigulire madisiki awiri odulira."