Tsiku limene apongozi anadula kanema wa chinkhoswe

Mlamu wanga wa ku Johannesburg atachita chinkhoswe, ife a kuno sitinapiteko. Za pasipoti ndi thiransipoti zinatikanika. Choncho iye anajambulitsa mwambo wonse mpaka pelekanipelekani, n'kuuika pa intaneti, n'kutitumizira linki. Anawonjezera kuti fayiloyo ndi ya 2 GB, ndiye tikapeza netiweki yabwino titsitse.

Netiweki yabwino! Apo n'kuti ndangokoketsa kumene ADSL kunyumba kwathu ku Chilomoni, intaneti ija imadutsa pa waya wa foni ya m'nyumba. Papepala lomwe ndinasaina panalembedwa 4 Mbps. Ndinatenga cholembera: 2 GB ndi mamegabaiti pafupifupi 2,000, kugawa ndi 4, masekondi 500. Mphindi 8 ndi kanyenyeswa. Madzi a nsima sangawire n'komwe.

Apongozi anga, amayi ake a mkwatiyo, amabwera Loweruka kuchokera ku Thyolo. Akazi anga, mayi a Chisomo, anati titsitsiretu kanemayo usiku wa Lachisanu. Ndinakana. Zinthu zothamanga chonchi anthu amayenera kuziona ndi maso awo.

Nkhani inamveka kutali. Pofika Loweruka masana pabalaza panali patadzaza: azakhali awo a mayi a Chisomo ochokera ku Ndirande, amayi atatu a Mvano, aneba, ndi ana omwe mpaka lero sindidziwa makolo awo. Aliyense wokhala ndi foni ndinamupatsa pasiwedi ya Wi-Fi, ngati mwini nyumba wodziwa kulandira alendo. Kenako ndinalumikiza laputopu ku TV, ndinakonza kolala, n'kudina.

Pa TV, pamaso pa anthu onse, panatuluka manambala akuluakulu: 240 KB pa sekondi, kwatsala maola 2 ndi mphindi 20.

Ndinazula chingwe cha TV mofulumira. "Ikudzikonza kaye," ndinatero. Posakhalitsa 240 ija inatsika kufika pa 90. Mayi a Chisomo anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kupita kukatenga thobwa. Thobwa atatha kunabwera mbatata. Mbatata itatha amayi a Mvano anayambitsa nyimbo.

Amene anandimasulira za tsokali ndi mwana wa aneba, mnyamata yemwe ankaphunzira ku Poly isanasanduke MUBAS. Anandikokera pakhonde kuti alendo asamve.

"Ankolo, 4 Mbps si mamegabaiti 4. Ndi mamegabiti. Baiti imodzi ili ndi mabiti 8, ndiye mugawe ndi 8. Ndi 500 KB pa sekondi basi. Ndipo pamenepo muchotsepo zoposa gawo limodzi mwa magawo khumi, zomwe zimathera pa ma adiresi ndi zizindikiro zoperekeza deta. Zonse zitayenda bwino mungaone 430."

Ndinati chabwino, nanga 430 yangayo ili kuti? Anatsegula tsamba la modemu pa foni yake n'kundionetsa: laini yanga inagwira pa 2.3 Mbps yokha. Chifukwa chake ndi mtunda. ADSL imayenda pa waya wa kopa, ndipo chizindikiro chimafooka waya akamatalika. Ya mtundu wa ADSL2+ imatha kufika 24 Mbps, koma kwa munthu amene nyumba yake ili pafupi kwambiri ndi eksichenji, malo a kampani ya mafoni komwe mawaya amachokera. Ukapitirira makilomita 5, kupeza 1 kapena 2 Mbps ndi mwayi. Komanso wayayo sayenda molunjika. Amakhota ndi misewu, amadutsa m'majointi a dzimbiri, ndipo mvula ikagwa madzi n'kulowa m'majointimo liwiro limatsikanso.

"Nanga 4 ya papepala ija?"

"Ija ndi malire, ankolo. Sakulonjeza kuti mufikapo."

Ndiye kuti nambala ija ndi chimodzimodzi kondakitala wa pa Mibawa akamakuwa kuti watsala mmodzi tinyamuke. Sananame kwenikweni, koma usauze munthu nthawi yomwe ufike.

Za kutsika kufika pa 90 sizinafunike sukulu. Pabalaza aliyense anali ataweramira foni, wina Facebook, wina YouTube, onse pa kawaya kanga komweko. Mnyamata uja anasintha pasiwedi mwakachetechete. Azakhali anakweza foni m'mwamba, kuigwedeza, n'kulengeza kuti intaneti ya akamwini yatha mayunitsi. Sindinatsutse. Liwiro linabwerera pa 240.

Dzuwa linapendeka. Nsima inadyedwa. Ine maso pa kamzere kobiriwira: 70, 80, 88 peresenti. Ndinayambanso kuyenda modzikweza pang'ono, mpaka ndinabwezera chingwe ku TV kuti anthu aone okha kuti kwatsala pang'ono.

Itafika pa 91, apongozi anayang'ana panja n'kuona kuti kukuda. Anakumbukira mbuzi zawo ku Thyolo. Foni yawo ya m'manja inalibe mayunitsi, koma pakona panali foni ya m'nyumba, yakuda, yonyezimira, itavundikiridwa ndi kansalu koluka. Anadzuka pang'onopang'ono, kukonza chitenje, kupita pakona paja.

Apa mpofunika kufotokoza. Pa waya mmodzi yemweyo pamadutsa mawu a foni ndi intaneti. Mawu amayenda m'munsi, osapitirira 4 kHz, pamene intaneti imayambira cha pa 25 kHz kukwera m'mwamba. Chomwe chimaletsa ziwirizi kusokonezana ndi kabokosi koyera, kochepa kuposa bokosi la machesi, komwe amati fyuluta. Kamakhala pakati pa foni ndi khoma. Mnyamata uja anayang'ana pakhoma. Ine ndinayang'ananso. Kabokosi kanalibepo.

Munthu wina aliyense ndikanamukuwira. Koma apongozi sukuwira, ngakhale kuwayang'ana m'maso kumene umachita kuba. Ndinagwada pang'ono, manja pamodzi, n'kutulutsa kamawu kosamveka: "Amayi..."

"Ee bambo, sindichedwa," anatero, n'kunyamula foni.

Kanyali ka DSL pa modemu kanayamba kuphethira. Apongozi anapereka moni kwa a kunyumba mmodzimmodzi, anafunsa za mbuzi, za nkhuku yofungatira, za maliro a kutsidya, n'kumaliza ndi kuwauza kuti kuno tikudikira kanema, akamwini akuti watsala pang'ono. Ataika foni pansi, kanyali kanakhazikika. Pa TV panalembedwa kuti kutsitsa kwalephereka. Ndinadina kuti ipitirize pomwe inalekera, koma malo omwe mlamu anaikako fayiloyo sankalola zimenezo. Kamzere kanabwerera pa 0.

Amayi a Mvano anatseka ndi pemphero, ndipo anatchulamo mabanja amene akudutsa m'mayesero. Azakhali potuluka anati ku Ndirande kuli mnyamata amaika mafilimu mu flash pa mtengo wochepa, ngati ndikufuna andipatsa nambala.

Fyuluta tinaipeza usiku womwewo, itamangidwa ndi mphira pa galimoto ya mawaya ya Chisomo. Akuti inali batire.

Kanemayo anatsika anthu onse ali m'tulo, pa 250 KB pa sekondi, popanda wosokoneza. Lamulungu titaweruka ku tchalitchi tinaonera anthu asanu. Apongozi anasangalala kwambiri moti anauza mayi a Chisomo kuti awajambule pa foni akuyankha. Analangiza mkwati, analangiza mkwatibwi, anaimba, anavina pang'ono. Fayilo inakwana 800 MB.

"Mutumize pa makina anu aja, bambo, aone lero lomwe."

Ndinaitanitsa mnyamata wa aneba. Anandinong'oneza kuti A wa mu ADSL amatanthauza kuti njira ziwirizi n'zosafanana: kutsitsa n'kofulumira, kukweza n'kochedwa. Laini yanga imakweza pa 512 kbps, ndiye ndiyembekezere maola 4, ngati mvula siigwa komanso ngati wina sakumbukira mbuzi.

Lolemba m'mawa ndinali pa Wenela, flash ili mu envelopu, ndikufunsa aliyense wokhala ndi chikwama chachikulu ngati akupita ku Joni.