Nambala ya 2,147,483,647 yanditenga mtima

Anzanga, kuyambira dzulo maso anga ali pa nambala iyi: 2,147,483,647. Ndinailemba pakapepala n'kuyamba kuigawa ndi 3, ndi 7, ndi 11, ndi 13, koma ponseponse pamatsala kanthu. Sigawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe, ndiye kuti ili m'gulu la ma prime.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Lembani 2 maulendo 31, muchulukitse onsewo, kenako muchotsepo 1. Ma prime opezeka motere amatchedwa a Mersenne, ndipo iyi ndi yachisanu ndi chitatu pamndandanda wawo. Ngakhale 31 yemweyo ndi wa banja lomwelo.

Chimene chandikhudza kwambiri n'chakuti katswiri wa masamu Leonhard Euler anatsimikizira kuti nambalayi ndi prime mu 1772, kulibe kompyuta, maso ake atatsala pang'ono kuferatu. Luntha lotere ndimalipatsa ulemu waukulu.

Lero makompyuta ambiri a 32-bit (osunga nambala ngati mndandanda wa ma 0 ndi ma 1 okwana 32), powerenga masekondi kuchokera pa 1 Januwale 1970, amalekezera pa nambala yomweyi. Adzaifika pa 19 Januwale 2038, ndipo mapulogalamu akale osakonzedwa adzasokoneza deti tsiku limenelo.