Sabata ya woyimba limba, kuyambira pa siwa mpaka pa Mgonero

Pampingo pathu muno mu Blantyre ndimagwira ntchito ziwiri, kuyimba limba ndi kuphunzitsa kwaya, koma envulopu imabwera imodzi, ndipo m'buku la msungichuma amailemba kuti chithokozo. Chimene chimandidyetsa ndi uphunzitsi wa nyimbo pasukulu ina yoyima payokha, kuphatikizapo ana amene makolo awo amawabweretsa kunyumba kudzaphunzira piyano. Anzanga pa ntchitoyi ndi chimodzimodzi: wina ndi kalaliki, wina makaniko, wina namwino. Limba timalipeza madzulo titaweruka.

Lolemba ndimapuma ngati kulibe zovuta. Sabata yathayi zinalipo. Anatisiya mayi wina wa Mvano, ndipo uthenga unafika pa WhatsApp ya kwaya kusanache. Ku siwa sindinyamula kiyibodi. Amayi amadziwa okha poyambira, ndipo ine ndimakhala panja ndi abambo n'kumamvetsera. Kumeneko n'komwe ndimadziwira nyimbo zimene mpingo unaloweza zenizeni, liwiro limene amalikonda, ndi mawu amene amayambirapo popanda wowapatsa kiyi. Nthawi zambiri amayambira pansi kuposa momwe buku linalembera. Woyimba limba amene sapita ku maliro amayimbira buku, anthu n'kumamutsatira monyinyirika.

Lachiwiri mwambo wa maliro unali m'tchalitchi. Tili pa ndime yachiwiri ya nyimbo imene abale anapempha, magetsi anathima. Mpingo sunayime, unangopitiriza. Pofika ndime yachinayi magetsi anayaka, koma anthu anali atatsika ndi theka la toni, monga zimachitikira khamu likamayimba lokha, makamaka lili ndi chisoni. Nyimbo tinayiyambira mu kiyi ya D, iwo tsopano anali mu D flat. Pamenepa pali njira ziwiri: kukhala chete mpaka mapeto, kapena kufufuza pansipansi kiyi imene ali, n'kulowa nawo mmenemo. Ndinalowa pa kolasi. Palibe anazindikira, ndipo pa ntchito yathu zikatero ndiye kuti zayenda bwino.

Luso limeneli, lotsitsa kapena kukweza nyimbo ndi zala uku ukuwerenga zina papepala, amayesa pa mayeso. Ku Britain kuli Royal College of Organists, bungwe lomwe linayamba mu 1864, ndipo wofuna dipuloma yawo ya ARCO amayenera kuonetsa kuti amatha kusintha kiyi pomwepo komanso kuyimba nyimbo imene sanaionepo. Achinyamata kumeneko amapeza malo ophunzira limba m'makoleji a ku Oxford ndi Cambridge, uku akutumikira m'matchalitchi a makolejiwo. Ku Germany ndiye ntchitoyi ili ndi magiredi ake: wa mayeso a C amayimba ngati ganyu, a B ndi A amalembedwa ntchito yokhazikika ya mwezi ndi mwezi. Si zachilendo kwa iwo. Bach, wopeka nyimbo wotchuka, analembedwa ntchito yoyang'anira nyimbo za m'matchalitchi ku Leipzig mu 1723 ndipo anaigwira mpaka imfa yake mu 1750. Kuno kwathu wofuna maphunziro a nyimbo angapite ku yunivesite ku Zomba, kapena ku Music Crossroads ku Lilongwe, kapena kulemba magiredi a ABRSM, bungwe la ku Britain loyesa mayeso a nyimbo, ngati thumba lalola. Koma zonsezi sizikuphunzitsa kutsogolera mpingo wa anthu mazanamazana amene amakoka nyimbo. Zimenezo ambirife tinaphunzira titakhala pambali pa mkulu wina, tikumutembenuzira masamba.

Lachitatu ndi tsiku la pulakatisi, ndipo ndi limene limanditopetsa kuposa Lamulungu. Timagwirizana 5 koloko, timayamba matena akafika. Ndimalemba pa bolodi d r m f s l t, ndi timadontho ndi timizere tosonyeza kutalika kwa mawu. Solofa imeneyi inabwera ndi amishoni. Anaifalitsa ku England ndi m'busa John Curwen m'zaka za m'ma 1840, atatengera njira ya mayi Sarah Glover. Ena ophunzira amainyoza kuti ndi yachikale. Ine sindiinyoza. Imafuna choko ndi bolodi basi, ndipo mayi wogulitsa tomato amatha kuyimba alito ya Hallelujah ya Handel osadziwa kuti kuli mizere isanu ya staff. Vuto lake limaonekera kwa amene akufuna kukhala pa limba, chifukwa mabuku a limba salembedwa mu solofa, ndipo maso sangawerenge mizere inayi ya zilembo nthawi imodzi pa liwiro. Choncho kwaya ndimaiphunzitsa solofa, koma aliyense wofuna kukhudza kiyibodi ndimamuyambitsa staff, afune asafune.

Tsikulo tinakhalitsa pa besi. Abambo athu a besi ali ndi mawu okoma, koma amakonda kuyenda njira yawo, do, fa, so, do, ngakhale pamene wopeka analemba zina. Mpingo nawonso umatero: pa nyimbo zakale za m'buku la Nyimbo za Mulungu anthu anapanga kale alito ndi tena zawozawo, zongotsata sopulano pambali, ndipo malo ena anasintha ndi chuni chomwe. Pa nyimbo ya kwaya sindilola, timabwereza mpaka zitakhala momwe zinalembedwera. Pa nyimbo ya mpingo ndimagonja, ndimasintha makodi anga kuti agwirizane ndi zimene akuyimba. Anzanga ena amati uku n'kulekerera zolakwa. Ine ndimati agogo amene ayimba choncho kuyambira ali atsikana sindiwasintha ndi sipikala.

Pulakatisi itatha anatsala mnyamata amene ndikumuphunzitsa. Khutu ali nalo, mwina kuposa ine, ndipo anaphunzira yekha pa YouTube. Koma nyimbo iliyonse amayimbira mu F sharp, pa makiyi akuda, ndiye akafuna kiyi ina amangodina batani la transpose. Achinyamata ambiri a makiyibodi ali chomwecho. Batanilo si tchimo, koma lili ngati ndodo: ukaizolowera, tsiku loyiwala kunyumba sufika patali. Ndinamupatsa nyimbo ya chopereka mu E flat kuti aikonzekere.

"Aphunzitsi, koma ikumveka chimodzimodzitu ndikadina," anatero.

"Ikumveka chimodzimodzi, inde. Nanga ukadzaitanidwa kumpingo umene uli ndi limba la mapaipi, udzadina pati?"

Anaseka, n'kutenga pepalalo.

Lachinayi ndimadikira manambala a nyimbo kuchokera kwa abusa. Abusa athu panopa amatumiza msanga, ndipo amafunsa ngati mpingo ukuidziwa nyimboyo, zimene si onse amachita. Madzulo ndinakhala ndekha m'tchalitchi kuyeserera. Limba lathu ndi lamagetsi, la makiyibodi awiri ndi mapedulo opondera ndi mapazi, mphatso yochokera kumpingo wina wakunja. Pedulo imodzi inasiya kulira kalekale. Wokonza zinthu zotere muno ndi wosowa, ndiye phazi lamanzere linazolowera kuilumpha.

Nkhani ya peduloyi ndinapita nayo kwa akulu ampingo Lachisanu, pamodzi ndi pempho lina limene kwa ine ndi lalikulu: kuti mpingo ulipirire mnyamata uja mayeso a theory a giredi 5, amene ABRSM imafuna munthu asanalembe magiredi apamwamba a choyimbira. Mkulu wina, munthu wabwino ndithu, anati, "A kwayamasitala, kuyimbatu ndi mphatso. Mphatso amalemberanso mayeso?" Ndinayankha mwaulemu kuti kulalikanso ndi mphatso, koma abusa timawatumiza ku Zomba kukaphunzira zaubusa zaka zingapo. Anagwedeza mitu. Za pedulo anavomera, za mayeso anati zidikire Pepa Sande ikadutsa. Apa ndi pamene pagona vuto la ntchito yathu: mpingo umagula zida mosavuta chifukwa zimaoneka, koma munthu woti azigwiritse ntchito amayembekeza kuti angomera yekha.

Loweruka kunali ukwati. Mkwatibwi anachedwa ndi ola lathunthu, ndipo nthawi yonseyo ine ndi kwaya tinkasinthana kuti anthu asatope. Apa ndi pamene munthu umapeka zako pa limba, kuzungulira chuni chimodzi m'makiyi osiyanasiyana, diso lili pakhomo. Akwati masiku ano amabwera ndi nyimbo pa flash kuti ilire polowa. Ndimawapempha kuti imeneyo akasungire ku holo. Ena amamva. Ukwati ndi umene umatipatsa kangachepe kooneka, choncho sitidandaula mokweza.

Lamulungu ndinafika kusanawale bwino kuti ndiyese sipikala. Mapemphero a Chingelezi amayenda mwachangu, anthu ake amayang'ana wotchi. A Chichewa ndi amene amafuna mphamvu, chifukwa tchalitchi chimadzaza mpaka panja ndipo akumbuyo amatsalira. Ukawatsatira, nyimbo imafa pa ndime yachitatu. Ukawathawa, umayimba wekha. Njira yake ndi kudula mawu a besi pang'ono kuti kugunda kumveke, n'kupuma pamodzi nawo kumapeto kwa mzere uliwonse. Unali Mgonero, ndiye ndinayimba motsitsa nthawi yonse imene akulu ampingo ankayenda ndi mbale.

Pa chopereka ndinamusiyira mpando mnyamata uja. Anayamba mothamanga, anaphonya A flat pa mzere wachiwiri, koma batani sanalikhudze ndipo mpingo unafika naye kumapeto. Sabata ino ndamupatsa ina mu B flat, yokhala ndi mapedulo.