Zikomo amayi a panjira ya ku Domwe

Ndikuthokoza amayi awiri amene anandipeza nditakhala m'mbali mwa msewu wa ku Domwe, ku Angonia, Loweruka lapitali. Ndili ndi matenda a shuga ndipo ndimadzibaya insulini, koma kupalasa njinga sindinasiye. Tsikulo ndinanyamuka ku Ulongwe nditangomwa tiyi. Pokwera chitunda manja anayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu chikhalirecho kunja kukuzizira. Shuga anali atatsika kwambiri.

Amayi inu, simunandiyese woledzera monga anachitira ena odutsa. Nditangoti "shuga", mmodzi wa inu anathamangira pa okala, nasungunula masupuni atatu a shuga m'kapu ya madzi. Munakhala nane mpaka maso anayera, kenako munandigawira mbatata yanu yophika. Mayina sindinafunse, mundikhululukire. Mulungu akudalitseni.