Sensa yosalakwa, chigongono chowauka

Nyali ya check engine inali itayaka pa galimoto ya kasitomala, ndipo nditalumikiza sikana, makina owerenga mavuto mu kompyuta ya galimoto, inatulutsa kodi ya vuto, P0171. Kodi imeneyi imangonena kuti pa bank 1 (mzere wa masilinda umene uli ndi silinda yoyamba) mpweya wachuluka, petulo wachepa. Sinena kuti chafa n'chiyani. Koma ine ndinagamula pomwepo: "Sensa ya okosijeni iyi, basi."

"Bwana, bwanji tiyambe taona fuel trim?" anatero mnyamata amene ndimamuphunzitsa ntchito. Ankanena manambala oonetsa petulo amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa.

"Iwe, pamene ndinkayamba kugwira sipanala unali usanamere mano. Komanso usiye kuimba mluzu, ukundisokosera."

Anangondiyang'ana.

Sensa ya okosijeniyo, yotchedwa Sensor 1, imakhala pa manifold ya ekizosi, mapaipi otulutsa utsi mu injini, utsiwo usanafike mu catalytic converter imene imauyeretsa, ndipo siyamba kuwerenga isanatenthe kufika cha m'ma 300°C. Ndiye ganizirani kutentha kwa malowo galimoto ikangochoka pamsewu. Imamasuka bwino ekizosi ikakhala yofunda chabe, ndi soketi ya 22 mm yong'ambika m'mbali kuti waya adutse. Soketiyo wina anali atabwereka, ine ndikufulumira. Ndinakoleka sipanala wamba, n'kukoka ndi mphamvu zonse. Sipanala phulu! chigongono pa manifold, psiii! Podzuka, mutu pa boneti, gu! Kasitomala anafunsa mwaulemu ngati kudumphako kuli m'gulu la kuyeza.

Yatsopano ndinaimangabe, kodi n'kufufuta, munthu n'kumapita. Mawa lake uyo wabwera, nyali ngwee. P0171 imadikira kuti vuto lioneke pa maulendo awiri isanayatse nyali, ndiye dzulo lakelo ndinangogona ndi mtendere wobwereka.

Apa mpamene ndinatsegula live data, manambala amene sikana imaonetsa injini ikulira. Sensa wamba ya zirconia ikatentha, magetsi ake amayenera kumakwera ndi kutsika pakati pa 0.1 V ndi 0.9 V, pafupifupi kamodzi pa sekondi injini ikakhala pa 2,500 rpm. Kutsika ndiye kuti okosijeni wachuluka mu utsi, kukwera ndiye kuti petulo wachuluka. Ikaima njii cha pa 0.45 V, mwina sinatenthe, mwina waya waduka, kapena yafadi. Heater yake ikapsa imabwera ndi kodi yakeyake, P0135, ndipo pamenepo uyambe ndi fyuzi. Yathuyi inkasewera bwinobwino.

Nkhani inali pa long term fuel trim, ya nthawi yaitali: +22% injini ikungolira payokha, koma ndikaponda kufika 2,500 rpm inkatsika mpaka +4%. Kupitirira +10% ndi kale vuto. Injini ikamalira payokha throttle, chitseko cha mpweya, imakhala yotseka, intake, njira yolowetsa mpweya mu injini, imakoka mwamphamvu, ndipo mpweya umalowera pa mng'alu uliwonse osawerengedwa ndi MAF, sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini. Sensa imauona mu utsi, kompyuta n'kuwonjezera petulo. Ukaponda, kampweya kakubako kamamira mu mpweya wambiri. Likanakhala vuto la pampu yofooka kapena sefa ya petulo yotsekeka, manambala akanakwera poponda. Mng'alu wa ekizosi kutsogolo kwa sensa nawonso umanamiza, koma uwo umasiya mwaye wakuda pamene wang'ambikapo.

Ndili mkati mofotokozera kasitomala zimenezi, mluzu uja unayambiranso.

"Ndinati chiyani dzulo za mluzu?"

"Si ine, bwana. Ngakhale dzulo sindinali ine."

Analowetsa dzanja kuseri kwa intake, n'kutsina kapaipi ka PCV, kobwezera mu intake mpweya wa m'kati mwa injini. Mluzu zii. Short term trim, imene imasintha pompopompo, inagwa ife tikuona. Kapaipiko kanali katauma n'kung'ambika kunsi, kosaoneka ukayang'ana pamwamba.

Sensa yakale tinakaitola mu bini, n'kuimanga injini itazizira, ndi soketi yoyenera. Inkasewera ngati yatsopano. Yatsopanoyo wogulitsa anaikana chifukwa inali itada kale ndi utsi. Kasitomala analipira kapaipi kokha.

Ndikumanga bandeji pa chigongono, mnyamata uja anatsokomola pang'ono.

"Bwana, poti galimoto yasiya, ine ndingayambe kuimba tsopano?"