Kubwezera swichi ya Nexus 9000 ku factory: ma command ndi atatu basi, koma geti ndiye linandidyera tsiku

Kufufuta config (ma setting onse amene munthu anaikamo) pa swichi ya Cisco Nexus 9000, chida cholumikiza makompyuta pa netiweki, si ntchito yoti munthu angatuluke nayo thukuta ayi. write erase, write erase boot, reload, watha. Koma kuti ukafike pamene pali swichiyo, laputopu ili pamiyendo, kebulo italumikizidwa, eee pamenepo ndiye pali nkhani, ndipo ndikulemba pano mtima usanatsike bwinobwino.

Yathu ndi 93180YC-EX, ija ya ma port 48 a 10/25G ndi ena 6 a 40/100G. Abwana anaigula kwa kampani ina yomwe inkasintha zida, ndiye anthu aja anangoizula mu rack mwawo n'kupereka, config yawo yonse ili momwemo, ma VLAN awo (timagulu togawira netiweki), vPC yawo (yochititsa maswichi awiri kuoneka ngati imodzi), ndi pasiwedi ya admin yomwe palibe ankaidziwa poti amene anaiika anasiya ntchito kalekale. Anyamata athu osayamba ayiyatsa kuofesi kaye, anakaikwezeratu mu rack ku data center komwe timachita lendi malo, kenako ndiye akuti achimwene tangopitani mukaipange reset, ndi zamphindi zochepa izi.

Tsono ku data center sumangolowa chifukwa zida zili mkatimo ndi zako. Pamafunika kupempha chilolezo pasadakhale, dzina monga lilili pa chitupa, nambala ya chitupacho, serial ya laputopu, zonse. Ofesi yathu inatumiza, iwo anayankha pa imelo kuti zavomerezedwa. Ndafika pageti m'mawa, mlonda wayang'ana pepala lake kuyambira pamwamba mpaka pansi ndi chala, akuti "Bambo, dzina lanu palibepo apa." Ndamuonetsa imelo pafoni. Akuti "Pepani abwana, ine za pafoni sindiwerenga, ndimawerenga pepala ili." Ndipo mlondayo sindikumuda ayi, amagwira ntchito yake, vuto ndi la uja wamkati amene amavomereza pa kompyuta koma osatumiza dzina kugeti. Kumuimbira akuti ali mu miting'i. Kuimbanso akuti wapita ku lanchi. Masana akuti system yawo yagwa sangasindikize pepala lina. Ine ndili pa benchi panja, swichi ili mkati mwa mpanda womwewo, ndikuona ndi nyumba yake yomwe.

Chimene chinandikwiyitsa zenizeni ndi ichi, atandiona kuti ndakhalitsa anabwera wina waulemu wake akuti ngati ndi zachangu tili ndi remote hands, technician wathu akhoza kukuchitirani. Polipira. Pa ola, ndipo ngakhale agwire ntchito mphindi ziwiri amawerenga ola lathunthu. Ndiye kuti ndilipire munthu akazule chingwe cha magetsi pamene ine mwini wake ndili pageti ndi manja anga awiri, chifukwa iwo eni aiwala kulemba dzina langa? Ndinakana, ndinabwerera, mafuta a galimoto apita, tsiku lapita. Anzanga, musanapite imbani dzulo lake ndipo musafunse kuti "mwavomereza?", funsani kuti dzina langa lili pa pepala la mlonda pageti? Ndi zinthu ziwiri zosiyana zimenezo.

Nditalowa tsiku lina lija, ntchito inayenda chonchi. Pa swichi imeneyi port ya console, yolumikizirapo laputopu mwachindunji, siili kutsogolo kuli ma port ambiri kuja, ili mbali ya ma fan ndi ma power supply, ndiye mumakaima kuseri kwa rack. Kebulo ndi ija yabuluu ya RJ45 ndi ka adaputala ka USB to serial. Tumaadaputala totchipa tija tapamsika timavuta ma driver pa Windows, yesani kuofesi muone ngati COM port ikuoneka mu Device Manager, osakayesera mkatimo mukunjenjemera ndi kuzizira. Ine ndimayenda ndi ya chip ya FTDI, sinandikhumudwitsepo. Mu PuTTY, pulogalamu ya pa laputopu yolankhulira ndi swichi, muike Serial, speed 9600, data bits 8, parity none, stop bit 1. Mukaona tizilembo topanda tanthauzo ndiye kuti eni ake akale anasintha speed, yesani 115200.

Poti pasiwedi panalibe, write erase sungailembe usanalowe, ndiye koyamba ndi kuthyola chitseko. Mumazimitsa swichi, ndipo ili ndi ma power supply awiri, zulani zingwe ZONSE ziwiri, mukazula chimodzi imangopitiriza kuyaka ngati palibe chachitika. Koma yang'anitsitsani kuti chingwe mwagwiracho chikuchokeradi pa swichi yanu, kuseri kwa rack zingwe zonse zimafanana ndipo pansi pake pali ma seva a anthu. Mukabwezera magetsi ma fan amakuwa ngati chigayo, musaope, amadzatsika okha. Nthawi yomweyo dinani Ctrl+C kangapo mpaka muone mawu akuti loader> pa sikirini. Mukachedwa imapitirira kubuta, ndiye muyambirenso, ndipo Nexus sibuta msanga, mumaima mphindi zingapo mukungoyang'ana zilembo zikuyenda.

Pa loader> lembani dir muone dzina la fayilo ya NX-OS, pulogalamu yoyendetsa swichiyi, loyamba ndi nxos lothera .bin, ndipo lilembeni papepala kapena jambulani ndi foni ngati akukulolani kujambula, mudzalifuna kutsogoloku. Kenako cmdline recoverymode=1, ndiye boot ndi dzina la fayilo lija. Imakufikitsani pa switch(boot)#, pamenepo config terminal, admin-password ndi pasiwedi yanu yatsopano, exit, kenako load-nxos. Ikamaliza mumalowa ngati admin ndi pasiwedi mwaika ija, config ya eni akale ikadali yonse.

Aaa ndisanaiwale, izi zimayenera kubwera koyambirira, zulani ma kebulo onse a netiweki musanayatse swichi yokhala ndi config ya anthu ena. Simudziwa kuti pa spanning tree, dongosolo limene maswichi amasankhira njira za data, anaipatsa priority yanji, ikhoza kudzipanga root bridge, mtsogoleri wa maswichi onse, n'kusokoneza netiweki yonse inu mukuganiza kuti mukungofufuta. Anyamata athu anali atalowetsa kale ma uplink awiri, ma kebulo opita ku netiweki yaikulu, ndinawachotsa ndisanakhudze chilichonse. Ndipo ngati yanu ndi swichi yomwe ikugwira ntchito pa vPC ndi inzake, imeneyo ndi nkhani ina, siyofufuta masana anthu ali pa ntchito.

Tsopano kufufuta kwenikweni. write erase imachotsa startup-config, config yosevedwa imene swichi imawerenga poyaka, koma imasiya boot variables (zouza swichi fayilo yoti ibute nayo) ndi IP ya mgmt0, port yoyendetsera swichiyo. Anthu ambiri amaimira pomwepo kenako amadabwa kuona IP ya kampani yakale ikadalipo. write erase boot ndi imene imachotsa zotsalazo. Kenako reload. Apa mvetserani, idzakuchenjezani kuti pali unsaved configuration, ndipo chala chimathamangira chokha ku copy running-config startup-config poti tinazolowera. MUSASEVE. Config yakale ikadali mu memory, mukaseva mwaibwezera yonse pamalo pomwe mwangofufuta, ndipo mudzadikira kubuta konse kuja n'kupeza ma VLAN omwe aja akukuyang'anani. Ingovomerani y ipite.

Poti boot variables zachoka, ikhoza kukaima pa loader> osapitirira. Si kuti yafa, lembani boot ndi dzina la fayilo lija ndinati mulembe. Ikadzuka imayamba POAP, Power On Auto Provisioning, kusakasaka DHCP, seva yogawa ma IP, kuti itenge config yokha pa netiweki, ndipo ma message amangotsika osaleka moti funso lenilenilo limabisika pakati pake. Funso lake ndi loti Abort Power On Auto Provisioning, mayankho yes, skip kapena no, ndipo mukangodina Enter imatenga no n'kupitiriza kusaka. Lembani yes. skip imakulowetsani popanda pasiwedi, zomwe mu data center ya anthu ambiri sindingakulangizeni. Ikatero imafunsa za secure password standard, muike pasiwedi ya admin, kenako basic configuration dialog, ine ndimaikana ndimakonda kulemba ndekha.

Apa ndiye mukhoza kuseva tsopano, koma muyambe mwaika boot nxos bootflash: ndi dzina la fayilo lija, kuti magetsi akadzathima isadzakaimenso pa loader> inu muli kunyumba, chifukwa kubwerera kumeneko ndiye kuti pepala la mlonda lija liyambirenso. Ma feature monga lacp, vpc, interface-vlan amakhala ozimitsa, muwayatse nokha, musadabwe command ikukana. Chinanso, write erase sikhudza mafayilo a mu bootflash, mosungira mafayilo mwa swichiyo. Nditalemba dir bootflash: ndinapeza ma backup a config a kampani ija ali phee, ma IP awo, mayina a ma seva awo, zonse. Ndinafufuta, koma ngati ndinu amene mukugulitsa swichi yang'ananimo musanapereke, ndipo samalani osafufuta fayilo ya .bin kapena ya layisensi.

Ndinaikanso IP yathu pa mgmt0 n'kuyesa SSH, njira yolowera mu swichi uli kutali, kuchokera kuofesi ndisanatuluke mchipindamo, mnzanga atayankha pafoni kuti walowa ndiye ndinapinda kebulo. Potuluka mlonda yemwe uja anafuna kuona serial ya laputopu ngati ikufanana ndi ya papepala, ndipo adaputala ya USB ija akuti sinalembedwe polowa, ndiye panalinso kudikira wamkati uja kuti abwere adzasaine kuti ndi yangadi. Lembetsani chilichonse polowa, ngakhale ka kebulo.