Kunyada kumene kumabisala m'pemphero

Kunyada koopsa kwambiri si kwa zovala kapena ndalama ayi. Ndi kuja kodziona woyera kuposa anzako. Mfarisi wa m'fanizo la Yesu pa Luka 18, yemwe ankadzitama popemphera m'Kachisi, ankasaladi kudya kawiri pa sabata, chakhumi ankaperekanso. Sananame. Chinamugwetsa n'chakuti ankadziyerekeza ndi wokhometsa msonkho yemwe ankapempheranso pomwepo m'malo moyang'ana chiyero cha Mulungu.

Mfumu Uziya nayo inagwa itafika pachimake pa mphamvu. Inalowa m'Kachisi kukafukiza lubani, ntchito ya ansembe okha. Azariya ndi ansembe ena 80 ataitsekereza, inapsa mtima, ndipo khate linabuka pamphumi pake pomwepo (2 Mbiri 26). Taonani bwino: khatelo linatuluka pamene inkakwiyira oidzudzula.

Choncho dziyeseni pa chidzudzulo. Munthu akakudzudzulani, musayankhe tsiku lomwelo; gonani nawo mawuwo, muwapempherere kaye. Popepesa, tchulani chimene mwalakwa mosazungulira, ndipo osawonjezera kuti "komanso inuyo". Sankhani ntchito imodzi pampingo yomwe palibe amene angakuyamikireni, monga kusesa kapena kutsuka zikho za mgonero, musauze aliyense. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa: amasesa ndithu, koma Lamlungu lotsatira nkhani ya tsache ija yalowa kale mu umboni.